Manja Pakhoma la Holo

Anthu a mumsewu umenewo ankamutchula Mageti, chifukwa geti lililonse looneka bwino kuyambira pomwetsera mafuta mpaka pa mlatho wa njanji linatuluka m'shedi mwake. Kwa zaka makumi atatu anali akudula ndi kuwotcherera zitsulo: mageti, mawindo, mabedi osanjikiza, ngakhale timatebulo ta amayi ogulitsa masamba. Kompyuta sankadana nayo ayi, koma sankaona pamene ingalowerere pa ntchito ya chitsulo.

Anali ndi mlongo wake mmodzi, wamng'ono kwa iye ndi zaka zisanu ndi chimodzi, amene anasiya kumva ali ndi zaka zinayi atadwala kwambiri. Mlongoyo anali mphunzitsi pa sukulu ya ana osamva kunja kwa tauni. Awiriwa ankakondana, koma macheza awo anali afupiafupi: kuloza, kugwedeza mutu, kukokana malaya, ndipo nkhani ikakula ankalemberana pa foni atakhala pa benchi imodzi. Chinenero chamanja Mageti ankati adzaphunzira ntchito ikadzachepa. Ntchitoyo sinachepepo.

Lachiwiri lina m'mawa mlongoyo analowa m'shedimo ndi mayi wina wamfupi, wovala nsapato zantchito, atakoleka chikwama cha laputopu paphewa. Mlamu wa Mageti, mbale wa mkazi wake, amene ankagwira naye ntchito kuyambira shediyo ili ya mapulasitiki, anazimitsa galayinda n'kupukuta mpando ndi chipewa chake.

"Ine ntchito yanga ndi yojambula mapulani a nyumba," anatero mayiyo. "Mwana wanga ali sitandade 3 m'kalasi mwa aphunzitsiwa. Tabwera ndi vuto la holo ya sukulu."

Pamene ankalankhula, manja ake ankalankhulanso, mwachangu komanso mosakayika, ndipo mlongo wa Mageti ankavomereza ndi mutu. Mageti anafunsa kuti chinenerocho anachiphunzira liti. Mayiyo anati zaka ziwiri zapitazo, atangolembetsa mwana. Mageti anatola kabawuti pansi n'kukaponya m'chitini.

Vuto lake linali ili. Holoyo inali yotseguka mbali ya kumadzulo, mizati yokhayokha, ndipo nsanja yoimapo aphunzitsi inali mbali yomweyo. Masana dzuwa likapendeka linkalowa kumbuyo kwa wolankhula, ana n'kumangoona chimthunzi chakuda chikugwedeza mikono. Mwana wakumva akathobwa ndi dzuwa amatsinzina n'kumamvetserabe, koma mwana wosamva akatsinzina ndiye kuti msonkhano wathera pomwepo. Anayesa makatani, mphepo inawang'amba. Khoma la njerwa likanatseka mpweya n'kudetsa m'holo, pamene anawo amafuna kuwala kokwanira kuti aone nkhope ndi zala.

"Ndiye tikufuna khoma lazitsulo lamabowo," anatero mayi wa mapulani. "Malata osalala makumi awiri ndi anayi, ife timati mapanelo. Mpweya uzidutsa, dzuwa lizilowa losefedwa. Koma mabowowo asafanane kukula. Munthu akaima patali aziona chithunzi."

"Chithunzi cha mabowo?" anafunsa Mlamu. "Mayi, ife bowo tikaliona timalitseka."

Mayiyo anaseka, natsegula laputopu pa tebulo lodulirapo. Mageti ankayembekezera kuona pulani ya mizere ndi manambala monga ankazionera kwa makontilakitala. Koma theka la sikirini linadzaza ndi timabokosi, tolumikizana ndi tizingwe tokhotakhota, kena kutuluka apa n'kukalowa uko.

"Awa ndi mawaya a magetsi a kunyumba kwa alamu angawa," anatero Mlamu. "Mukayatsa kukhitchini, kuyaka kubafa."

"Kwanga kuno chilichonse chimayaka pamalo pake," anayankha mayiyo. "Taonani. Kabokosi aka kamatenga chithunzi. Aka kamayala madontho pakhoma lonse, mzere ndi mzere. Aka kamafunsa dontho lililonse kuti, pamene wakhalapo pachithunzipa ndi powala kapena ndi pakuda? Yankho limayenda m'kachingwe aka kukafika apa, ndipo apa ndi pamene bowo limapatsidwa kukula kwake. Powala, bowo lalikulu. Pakuda, laling'ono. Ine sindijambula bowo ngakhale limodzi. Ndimangoika malamulo."

Poyesera anali ataikamo chithunzi cha mtengo. Anakoka kandodo kena pa sikirini ndi chala, mabowo onse anatupa nthawi imodzi, mtengo n'kuyera. Anakabweza, mabowo anaphwa, mtengo n'kuda. Mageti anavala magalasi ake n'kuwerama. Anapempha kuti akokenso. Kenako anakoka yekha, ndi chala chake chokhakhala, mosamala ngati akugwira diso la munthu.

"Mabowo onse alipo angati?"

"Zikwi khumi ndi zisanu, ndi ena pang'ono."

"Nanga kukula kwake kuli mitundu ingati?"

"Bowo lililonse lili ndi saizi yakeyake."

Apa Mageti anawongoka. Anapita pakona n'kutsegula bokosi lamatabwa, momwe munagona mano asanu ndi awiri a makina ake oboolera, kuyambira long'ono ngati njere ya nyemba mpaka lalikulu ngati pakamwa pa kapu.

"Mayi, anthu anga ndi awa. Asanu ndi awiri. Wachisanu ndi chitatu kulibe."

Ankaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, mayiyo atseka laputopu n'kukafuna kampani yaikulu yokhala ndi makina odula ndi kuwala. Koma iye anatenga tepi, nayeza dzino lililonse, nalemba manambalawo. Anadula kachingwe kamodzi pa sikirini, nalowetsa kabokosi katsopano pakati, nalumikizanso. Bowo lililonse linalumphira ku saizi imene linayandikana nayo. Mtengo unalipobe, wokhakhala pang'ono, koma mtengo ndithu.

"Bola uwu," anatero mayiyo. "Woyambawo unali wosalala kwambiri, ngati wa pa kalendala."

Anagwirizana zoyamba aboola lata limodzi loyesera. Mayiyo anasindikiza pepala lalikulu lofanana ndi latalo, bowo lililonse lili ndi kamtanda pakati ndi nambala ya dzino lake. Mageti ndi Mlamu analimata pa lata n'kuboola tsiku lonse. Atamaliza n'kuliimika, latalo linapindika ngati tsamba louma, ndipo pamene panadzaza mabowo aakulu panali pofewa moti munthu akanabowola ndi bondo.

Mayi wa mapulani atabwera n'kuliona, nkhope inagwa. Anati pa kompyuta zonse zinali bwinobwino.

"Kompyuta sinapsepo ndi chitsulo," anatero Mageti, koma mosanyoza. Anagwada n'kumuonetsa. "Pakati pa bowo ndi bowo pamafunika mnofu. Apa mwasiya kakhungu chabe. Komanso m'mphepete monse muzisiya malo osaboola, pomwe fulemu igwire. Ndipo mabowo aakulu akapitirira anayi motsatana pamzere umodzi, lata limataya msana."

"Mnofuwo ukhale mamilimita angati?"

Mageti anakanda m'mutu. Moyo wake wonse sanauyezepo. Ankangoika chala chachikulu chopingasa, chikakwana ndiye kuti zili bwino. Mayiyo anamugwira dzanja ngati namwino, nayeza chalacho ndi tepi. Anafunsanso za m'mphepete, za mabowo otsatana, za mbali imene lata limakonda kupindikira, ndipo chilichonse chimene Mageti ananena chinasanduka kabokosi. Kabokosi ka mnofu anakalemba dzina pamwamba: Chala cha a Mageti.

"Alamu, mwalowa m'kompyuta!" anafuula Mlamu. "Ndikawauza achemwali kuti chala china mwachisiya kwa mayi wina."

Mageti anamuthamangitsa ndi chigolovesi, koma mumtima munali mofunda. Zinthu zimene ankazidziwa ndi manja okha, zimene anyamata ambiri amene anadutsa m'shedimo ankazimva ngati kulongolola kwa mdala, lero munthu wophunzira ankazilemba mosamala n'kufunsanso kuti, "Ndamva bwino, bambo?" Lata lachiwiri linatuluka lowongoka ngati chitseko.

Tsopano inafika nkhani ya chithunzi chenicheni. Mayi wa mapulani ndi ahedi a sukuluyo anali atapangana mwachinsinsi kuti pakhomapo pakhale manja a mlongo wa Mageti, poti ndiye anali mphunzitsi wokhalitsa kuposa onse, akupereka chizindikiro chakuti takulandirani. Mayiyo anadula chithunzicho pa vidiyo ya msonkhano wina, nasindikiza mapepala onse makumi awiri ndi anayi. Loweruka anawayala pabwalo la kuseri kwa shedi, atatsamiza miyala m'makona, n'kuitana mwini manjawo kuti adzaone.

Mlongoyo anakwera kumbuyo kwa lole kuti aone bwino. Anayang'ana, anapendeka mutu, kenako anagwira pakamwa. Mapewa anayamba kugwedezeka. Anaseka mpaka anakhala pansi m'lolemo, misozi ili mbwembwembwe.

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa Mageti.

Mlongoyo anayankha ndi manja, ndipo mayi wa mapulani anamasulira, mawu akuchepa pamene ankapitirira. "Akuti chizindikirocho chimayenda, chimayambira kutali n'kubwera pachifuwa. Ine ndachigwira pakati panjira. Akuti chikaima pamenepo sichikunena kuti takulandirani. Chikunena kuti ndipatseni."

"Ee!" anatero Mlamu. "Sukulu yoona mtima. Mlendo asanalowe n'komwe pageti."

Onse anaseka kupatula Mageti. Iye ankaona mapepala makumi awiri ndi anayi, mabowo zikwi khumi ndi zisanu, ndi mapanelo awiri amene iye ndi Mlamu anali ataboola kale Lachisanu pofuna kutsogola. Ankadziwa mmene zimakhalira pulani ikasintha: mwezi wathunthu kudikira wojambula, makasitomala kukwiya, ntchito kuzizira.

Koma mlongo wake anali atatsika kale m'lole, akukambirana ndi mayiyo, manja anayi akuuluka. Anagwirizana kuti pakhale zithunzi zitatu motsatana, poyambira, pakati ndi pothera, kuti munthu woyenda m'mbali mwa khomalo aziona chizindikirocho chikuyenda. Mayi wa mapulani anaimika mphunzitsiyo kutsogolo kwa geti lina lopakidwa penti yakuda limene linkadikira mwini wake, namujambula manja katatu ndi foni. Mayiyo anakhala pa ndowa yovundikira, laputopu pamiyendo. Anachotsa chithunzi chakale m'kabokosi koyamba, naikamo chatsopano. Kompyuta inaganiza kanthawi kochepa, kosakwanira n'kuwiritsa tiyi. Kenako mabowo onse anasamuka, lililonse kupita pamalo pake atsopano, mnofu wa Mageti uli pomwepo, m'mphepete muli momwemo.

"Basi?" anafunsa Mageti.

"Basi. Malamulo ndi omwe aja, chasintha ndi chithunzi chokha. Mapepala ndisindikizanso Lolemba. Mapanelo awiri munaboola aja ndi akumwamba, kulibe manja. Asintha pang'ono chabe, tiwagwiritsabe ntchito."

Mageti anapuma mpweya wautali. Anatuma Mlamu kukagula zakumwa zoziziritsa kukhosi, ndipo Mlamu anati aka n'koyamba chibadwire kuona alamu ake akugula chinthu chosachita dzimbiri.

Kuboola kunatenga milungu isanu. Inali ntchito yotopetsa komanso yaphokoso. Makinawo akamenya, shedi yonse inkanjenjemera, ndipo malata oimikidwa kukhoma ankayankha. Ankayamba ndi dzino loyamba, kuboola mabowo ake onse pa lata, kusintha dzino, kuyambiranso. Mageti ankagwira lata mbali imodzi, Mlamu mbali ina, ndipo ankakuwirana manambala osamvana. Tsiku lina Mlamu anamva "faifi" pamene Mageti ananena "folo", mabowo asanu ndi limodzi n'kukula mopitirira. Anawawotcherera n'kuwapala, koma theka la tsiku linapita.

Mlongo wa Mageti ankabwera akaweruka kusukulu, kudzathandiza kuchonga mabowo omalizidwa ndi cholembera chofiira. Phokoso silinkamukhudza. Ataona amuna awiri akuluakulu akukuwirana ngati ali kutsidya kwa mtsinje, anaima pakati pawo, nawomba pa tebulo, nawaonetsa manambala asanu ndi awiri a pamanja. Anawabwereza mpaka anagwira. Mawa lake anawonjezera: imani, pitirizani, kumanzere, kumanja, pang'ono, zakwana. Mlungu usanathe m'shedimo munalibenso wokuwa. Mlamu anapempha kuti amuphunzitse mawu akuti ulesi ndi dazi, ndipo ankawagwiritsa ntchito pa Mageti tsiku lonse.

Mageti ankaphunzira mochedwa. Zala zake zinali zouma, zina zosapindika bwino. Koma anapeza kuti akalakwitsa mlongo wake sankakwiya. Ankangomugwira dzanja, kupinda chala ichi, kuwongola icho, monga momwe iye ankawongolera chitsulo pa vayisi.

Masana ena makina atazima kuti azizire, mlongoyo anakhala naye pa benchi n'kumulembera pa foni: "Achimwene, khutu lanu lakumanzere likupita. Alamu akuitanani katatu ali mbali imeneyo, simunacheuke."

Mageti analemba kuti ankaganiza zina.

"Ine ndi katswiri pa nkhani imeneyi," analemba mlongoyo. "Musandinamize." Anatulutsa m'chikwama zotseka m'makutu ziwiri, zazikulu ngati za oyendetsa ndege, china cha Mageti, china cha Mlamu.

Mageti anachitembenuza m'manja kwa kanthawi. Kenako analemba pang'onopang'ono, ndi chala chimodzi, zimene zinkamulemera kuyambira Lachiwiri lija: kuti mayi wachilendo waphunzira m'zaka ziwiri chimene iye walephera m'zaka makumi anayi, ndipo akuchita manyazi.

Mlongoyo anawerenga. Sanalembe yankho. Anaika foni pansi n'kuyankha ndi manja, pang'onopang'ono, posankha mawu amene ankadziwa kuti mchimwene wake awagwira. Mageti anamva ena, ena anamudutsa. Anamva "inu", anamva "manja", anamva "pang'ono". Atapempha kuti abwereze, mlongoyo anaseka n'kutenganso foni: "Ndati manja anu ndi achibwibwi, koma akumveka. Pitirizani."

Mapanelo atatha anawapaka penti yotuwa n'kuwanyamula pa lole maulendo atatu, atayala mabulangete akale pakati kuti asakandane. Lililonse linali ndi nambala kumbuyo. Mafulemu anali atawamangirira kale ku mizati ya holo. Mayi wa mapulani anaima pansi ndi pepala, akuitana manambala, Mageti ndi Mlamu ali pa makwerero ndi masipanala. Anagwira masiku awiri ana ali patchuthi chapakati pa teremu.

Bawuti yomaliza itamangidwa, Mageti anatsika n'kuyang'ana khomalo ali pafupi. Anangoona mabowo, omwe aja anakhala akuwaona milungu isanu mpaka kumawalota. Mwina asokoneza manambala?

"Tiyeni kuno, bambo," anatero mayi wa mapulani. "Koma musacheuke mpaka nditakuuzani."

Anayenda naye kudutsa bwalo la mpira, mpaka pa golo lakutsidya. Apo anati, "Tsopano."

Mageti anatembenuka. Mabowo anali atasowa. Pakhoma lonse la holo panali manja, aakulu kuposa munthu, ofewa ngati ojambulidwa ndi utsi: oyamba otambasuka, achiwiri akubwera, achitatu atafika pachifuwa. Mizere ya m'zikhatho inkaoneka. Ndipo pa dzanja lamanzere, katatu konse, kachala kakang'ono kanali kokhota pamfundo yomaliza.

Kachala kameneko Mageti ankakadziwa. Anali ndi zaka khumi, mlongo wake atangochira matenda aja. Tsiku lina kamtsikanako kanagwira mphuthu ya chitseko cha kukhitchini, iye n'kukauza kawiri kuti chotsa dzanja, ndikutseka. Sikanacheuke. Iye anaganiza kuti ndi mwano, namenyetsa chitseko. Kuchipatala, pomanga kachalako, ndi kumene adokotala anawomba m'manja kumbuyo kwa mwanayo n'kuona kuti sakuphethira. Banja lonse linadziwira pamenepo kuti mwana sakumva. Za chitsekocho palibe anazitchulanso, ndipo Mageti anakula akupewa kuyang'ana dzanja limenelo.

"Mwakaona kachalako?" anafunsa mayi wa mapulani. "Ndinawafunsa ngati ndikawongole pa kompyuta, ndi ntchito ya mphindi imodzi. Anakana. Akuti ndikakawongola ana sadziwa kuti ndi manja a ndani."

Mageti anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya kwa nthawi yaitali kuposa mmene ankafunikira. Mlongo wake anali akubwera pabwalopo, akuyenda chafutambuyo kuti aone chithunzi chikutuluka. Atafika anaima pambali pake. Mageti analoza khoma, kenako analoza kachala kake komwe, nadziloza pachifuwa. Mawu akuti pepani anali atawaphunzira mlungu wachitatu, chifukwa Mlamu ankawafuna kawirikawiri. Anawapereka bwinobwino, osalakwitsa.

Mlongoyo anamuyang'ana modabwa, ngati munthu amene wabwezeredwa chinthu chimene anaiwala kuti anabwereketsa. Anakweza dzanjalo, nagwedeza kachalako, nalemba pa foni: "Ana amati ndi kachala kanga kolozera olongolola. Kandigwirira ntchito zaka zambiri. Musakadandaule." Kenako anamukoka malaya monga ankachitira ali ana, n'kutsamira mutu paphewa lake pang'ono.

Sukulu itatsegulidwa, ahedi anaitanitsa msonkhano dala nthawi ya 3 koloko masana, nthawi imene kale holoyo inkakhala yopanda ntchito. Mageti anavala jekete imene mkazi wake anaisita kawiri. Analowa n'kukhala kumbuyo, pakati pa mkazi wake ndi Mlamu.

M'katimo munali mowala koma mosathobwa. Kumbuyo kwa nsanja, pamsinkhu wa munthu, mabowo anali ang'onoang'ono, moti khoma linkaoneka lodekha. Kumwamba anali aakulu, ndipo kamphepo kankalowa. Dzuwa linagwera pansi m'timadontho tambirimbiri, pa simenti, pa mabenchi, pa mitu ya ana. Ana a sitandade 1 ankayesa kutigwira ndi manja mpaka aphunzitsi awo anawaletsa.

Ahedi anakwera pa nsanja n'kuyamba kulankhula ndi manja, mphunzitsi wina akumasulira ndi mawu chifukwa cha alendo. Mageti sanayang'ane ahediwo. Ankayang'ana ana. Palibe anatsinzina, palibe anaphimba maso ndi buku. Ahedi atanena nthabwala ina, holo yonse inaseka nthawi imodzi, mpaka a pa benchi yomaliza. Mayi wa mapulani anali ataima pambali, maso ali pa kamtsikana kena ka pamzere wachitatu, kamene kanatsamira kutsogolo kukamwa kuli yasa.

Kenako ahedi anaitana amene anagwira ntchitoyo kuti abwere kutsogolo. Mayi wa mapulani ananena mawu ochepa. Anati iye anabwera ndi timabokosi ndi tizingwe, koma khoma limene likanatuluka mmenemo likanapindika mvula yoyamba isanagwe, ndipo anaphunzira zambiri m'shedi ya bambo awa kuposa m'chaka chathunthu cha ku koleji. Mlamu ananong'oneza kuti nayenso atchulidwe, poti ndiye anapereka mabowo asanu ndi limodzi aulere.

Itafika nthawi ya Mageti, womasulira anasendera pafupi, koma iye anamukaniza ndi mutu. Anapukuta manja pa jekete. Anali atakonzekera masiku anayi pagalasi la kubafa, mkazi wake akugogoda kuti atuluke. Ananena ndi manja kuti iye ndi mchimwene wa aphunzitsi awo. Ananena kuti amapanga zitsulo. Pa mawu achitatu zala zinasokonekera, ana ena n'kuseka, kamnyamata kena kakutsogolo n'kumuonetsa kapindidwe koyenera. Anakonza. Anathokoza mayi wa mapulani, anathokoza ahedi, ndipo potsiriza anatembenukira kwa mlongo wake n'kumuthokoza iyenso, kawiri.

Ana onse anakweza manja m'mwamba n'kumawagwedeza, mmene amayamikira anthu osamva. Manja mazana awiri, m'timadontho ta dzuwa, popanda phokoso lililonse. Mageti anali asanaonepo zotere. Anaima pomwepo osadziwa kuti atsike kapena adikire, mpaka mkazi wake anamukodola.

Anthu atabalalika kunayamba kamphepo kamphamvu, ndipo penapake pakhomapo panamveka kulira kwa chitsulo, ngati supuni m'kapu. Mlamu anati ndi kumanja, Mageti anati ndi kumwamba, mayi wa mapulani anati mwina ndi denga. Anakangana akuyendayenda, makosi ali m'mwamba. Mlongo wa Mageti anafunsa chimene chikuchitika, ndipo atauzidwa anavula nsapato zake zazitali, nayamba kuyenda m'mbali mwa khomalo chikhatho chili pa chitsulo. Anadutsa lata loyamba, lachiwiri, lachitatu. Pa lachisanu ndi chiwiri anaima, nasuntha dzanja kupita pansi, nagogoda pakona ndi chala.

Inali bawuti imodzi yosamangitsa, mbali imene anamanga Mlamu.

"Ndinaisiya dala," anatero Mlamu. "Kuti tione ngati aphunzitsi ali tcheru."

Mageti anavula jekete n'kupatsira mkazi wake. Anagwada pa simenti ndi thalauza lake labwino, mlongo wake atagwirizira lata ndi manja onse awiri, namanga bawutiyo mpaka inakana. Anayang'ana m'mwamba. Mlongoyo anadikira mphepo ina iwombe, chikhatho chili pomwepo, kenako anagwedeza mutu kuti zatheka.

Ahedi anatulukira pakhomo la ofesi n'kuwakodola onse kuti tiyi wapsa, ndipo Mlamu ndiye anatsogola.